Kuunika Otiliya

Ine za pansi pa nthaka ndimazidziwa.
Mzere ukang'aluka pambali
ndimakuuza kukula kwa kachewere ndisanagwire khasu.
Koma ichi cha pansi pa khutu la mwana wanga
chinandisandutsa mlendo m'munda mwanga momwe.

Chinayamba ngati nzama.
Amake, Nasibeko, anachipeza akumusambitsa.
Pofika masika chinali dzira la nkhanga,
chofewa, chothawa chala,
mwana osalira, kumangoseka poyesa tikumugirigisha.
Chinandiopsa n'chimenecho:
chinthu chokula mwakachetechete ngati ngongole.

Ku Ulongwe anatilembera kalata.
Ndinagulitsa matumba asanu ndi limodzi pamtengo wolira,
tinakwera shapa mbandakucha titavala majuzi.
Pa Musakama tinavula.
Pa Mowatizi fumbi la malasha linatidetsa m'mphuno,
ndipo titaoloka Zambezi
dzuwa la ku Tete linatisita ngati malaya a ukwati.

Chipinda chinali chamdima.
A Fulujensiyo, a magalasi omanga ndi waya,
anafinyira mankhwala oterera pakhosi pa mwana.
Apo ndiye analira, kulirira kuzizira, osati chotupa.
Anayendetsa kachipangizo pang'onopang'ono
ngati wopalira mbewu za eni.
Pakanema panagwa nkhungu ya ku Domwe ya mu Juni,
ine osaona kanthu,
iwo akuti: onani mpanda wake uwu,
onani timizere togawa zipinda.
Anadina batani kufunafuna magazi:
kadontho kofiira, kena kobiriwira, uko m'mphepete.
"Sichikumwa kwambiri," anatero.
Mawuwo ndinawapinda, n'kuika m'thumba la pamtima.

M'mawa mwake, makina aakulu a kamwa lozungulira.
Anamugoneka ndi mankhwala,
poti wa zaka ziwiri sungamuuze kuti usagwedezeke.
Ndinaima kuseri kwa chitseko cholemera
nditagwira kansapato kake kamodzi.
Kanzake sindidziwa kanagwera pati.

Dotolo Mandilate, wa kummwera,
Chichewa chake chotsimphina koma chofika,
anapachika zithunzi pa nyali:
mwana wanga wodulidwa m'magawo ngati buledi,
popanda mpeni, popanda dontho la magazi.
Dzulo chinali choyererako, lero chakuda.
Ndinafunsa: kodi chasanduka usiku?
Anaseka. Ayi bambo, makina aliwonse n'chinenero chake,
kwa awa mafuta ndi akuda.

Mafuta.

Mafuta aana, anatero, osamaliza kukula,
okhala m'kathumba kawokawo.
Akankha mtsempha uwu, koma sanaulume.
Mizu yopita kwina sindikuiona.
Tichichotsa chisanapanikize njira ya mpweya,
titumiza kukapimitsa, pakuti chithunzi sichilumbira,
ndipo muzibwera nayebe, nthawi zina chimaphukira.

Kuphukira ndimakudziwa.
Kachewere mmodzi ukamuiwala m'nthaka,
mvula yoyamba amakupatsa moni.

Panja Otiliya anadzuka wokwiya,
akuloza mayi wogulitsa masau pageti.
Amake anagula kambale, namachotsa nthangala ndi chikhadabo,
namuika m'kamwa pang'onopang'ono,
iwo eni osalawa, milomo ili gwa chiyambire dzana.
Ine ndinakweza chithunzi chija kudzuwa
kuwerenga munda umene sindinaulime:
nsagwada, mafupa a khosi ondondozana ngati mikanda,
mano am'tsogolo ali chigonere m'nkhama,
kudikira zaka zimene usiku wathawu
sindinayerekeze n'komwe kuziwerenga.
Pambali pake kachinthu kaja,
kakuda, kozungulira, kokhala ndi malire.

Tsiku la opaleshoni analemba kuseri kwa envulopu.
Ndinawerenga ndi zala mpaka kawiri:
likugwa pakati penipeni pa kukumba kwa kudimba,
pamene amalole amabwera ndi ndalama m'manja.

Adzakumba alamu anga.
Adzasiya wambiri m'nthaka, ndikuwadziwa,
ndipo adzabisako thumba limodzi la mowa.
Asiyeni.

Nasibeko, tafufuza m'chitenjemo,
mwina kansapato kaja kali momwemo.