Mtanda wa ku Chipangali

Unabwera pa ngolo mtanda uwu,
kuchokera ku balani yakugwa ya ku Chipangali.
Amuna anayi kuutsitsa,
wachisanu kumangotukwana.

Bulugamu wokalamba samva msomali.
Ndakhoma itatu, yonse yagwada.
Chiswe chinalawa kunsonga n'kuleka.
Macheka anga alira kuyambira m'mawa,
mano awiri atsala momwemo,
ndipo utuchi wofiirawu
ukununkhabe fodya
amene anagulitsidwa ndisanamere mano.

Popala mwaye ndapeza mizera,
yotemedwa ndi mpeni, isanuisanu.
Munthu wina ankawerenga usiku
uku akusonkha moto.
Atate anga, a Yelesani Daka,
anasonkha moto m'balani yomweyo,
n'kubwerako ndi chifuwa ndi wailesi.
Sindinganene kuti ndi dzanja lawo.
Analiko ambiri.

Mai Tisauke a pa Kapata afuna tebulo lodulirapo nsalu.
"Lisalale," anatero,
"chitenge cha kasitomala chisakodwe."
Analipira kale theka.

Ndayeza, ndayezanso,
pensulo kukhutu, thukuta m'maso.
Msomali sulowa, ndiye ndaboola, ndasema mano,
thabwa lilume linzake.
Pamwamba ndapala see!
mpaka ntchentche kuterereka.
Mbali ya mizera ndaitembenuzira pansi,
yosapala, yopanda vanishi.

Mawa tilikweza pa wilibala
kutsetsereka kuchokera ku Mchini.
Tsiku lina kamwana kawo kadzakwawira kunsi
kufuna batani lotayika,
kadzayang'ana kumwamba.
Ine ndinafika makumi asanu ndi atatu,
pamene mzera wina unathera pakati.