Muyezo Watsopano

Kalata anabwera nayo Asiyatu m'kapepala ka shuga,
ngodya imodzi itanyowa:
makolo nonse Lachinayi kusukulu,
akuofesi ya maphunziro akufuna maganizo anu.

Ndinafunditsa makina anga chitenje,
buluku la Che Ajasi n'kulisiya mwendo umodzi wosapinda.
Ndinadutsa pamsika wa Songani tepi ili m'khosi.
Ndinaiwala kuvula.

Anatikhazika m'madesiki a Sitandade 3.
Maondo anga anakana kulowa.
Bambo wa tayi anamata chipepala pabolodi, nayamba:
pakutha pa zaka zisanu
mwana aliyense wa Sitandade 4
aziwerenga mawu makumi asanu ndi limodzi pa mphindi,
azichotsera mobwereka osagwira zala,
aziidziwa kompyuta.
Umenewu, anatero, ndi muyezo watsopano.

Muyezo!
Ndinadzidzimuka ngati anditchula dzina.

Woyamba kuimika mkono anali Mayi Nankwenya.
Domasi akadzaza, ana akutsidya amakhala sabata ziwiri.
Mphindi yanuyo muziyamba kuiwerenga
ali kutsidya kapena atawoloka?

Abiti Saiti anangofunsa za phala,
chifukwa chake linasiya kuphikidwa mu Febuluwale,
mwezi umene zilembo zimavina pamaso pa mwana.

Kumbuyo wina anati magetsi anathera pachigayo.
Tinaseka, ngakhale wa tayi yemwe.
Aphunzitsi a Likagwa sanaseke.
Ankayang'ana pansi, pamene m'mawa mumakhala
mitu zana limodzi ndi makumi atatu,
choko chawo chimodzi.

Sindidziwa chimene chinandiimiritsa.
Mwina desiki ija.

Ndinati, bwana, ine ndi telala.
Sukulu ndinasiyira pakhomo lomweli.
Koma zaka makumi awiri ndakhala ndikuyeza ana a pano,
mapewa, chiuno, kutalika kwa siketi,
ndipo sindinapezepo awiri ofanana.
Lumo sililowa munsalu mwana asanaime patsogolo panga.
Chovala mwabwera nachochi n'chokongola, sindikukana,
ndikufuna wanga adzachivale.
Koma munamuyeza ndani?
Bwerani Lolemba m'mawa, osati Lachinayi masana titasesa.
Mudzakhale pansi pomwepa.
Mudzamve amene akuwerenga
ndi amene akungogwedeza milomo kuti asakwapulidwe ndi maso.
Ndipo posoka muzisiya nsalu yopindira mkati,
mwana amakula mosapangana ndi munthu.

Manja anaombedwa, ine thukuta kamukamu.
Wa tayi anatsegula cholembera chake chofiira,
zonse ndinanenazo n'kuzipinda m'mawu awiri:
kuyeza kaye.
Anakulunga chipepala chija, lamba wa labala thapu,
n'kuchiika kumbuyo kwa galimoto pamodzi ndi za ku Namadidi ndi ku Jali.
Akuti zikawerengedwa kutauni.
Fanta anatha asanafike mzere wathu.

Usiku, phiri litazimirira mumdima,
ndinamuitana Asiyatu, foni m'manja.
Werenga, ndikuwerengera mphindi.
Anayamba bwino, kenaka anapunthwa pa ng'ombe,
anabwerera, anailumpha, anapunthwanso pa mnkhwani.
Mawu makumi awiri ndi atatu.

Ndiye inuyo, ababa?

Ndinalandira bukulo.
Chala changa, chozolowera kutsogolera nsalu pansi pa singano,
chinkakwawa pamzere ngati chatsopano pantchito.
Khumi ndi asanu ndi anayi.
Mwana anaseka mpaka kugwira m'mimba,
kenaka anasiya, nasendera pafupi,
nandigwira chala chija.
Apa mumati nkhwa, osati khwa.

M'mawa, ndisanakhudze buluku la Che Ajasi,
ndinatenga yunifolomu yake, ndinasomola mpendero.
Nsalu ndinabisa chaka chatha inatuluka,
yabuluu weniweni, dzuwa lisanaione,
zala zitatu.
Ikwana mpaka mayeso.
Zikatero ndidzamuyezanso.