Masamu a Usiku

Anandipatsa mabatire asanu ndi atatu,
denga la malata lopendekera kumpoto,
nati: Twaibu, tiyatsire chipatala chonse.
Chonse!
Ndinakhala pa mulu wa njerwa, fumbi la ku Khombedza m'mano,
pensulo yobwereka kwa mlonda,
kuseri kwa lisiti ya mawaya
ndikugawa dzuwa la tsiku limodzi
monga agawira nyama pamaliro a munthu wosauka.

Furiji ya katemera imadya ngati chiswe,
pang'onopang'ono, koma siigona.
Makina a mpweya ndi mlendo wa mimba yaikulu,
sabwerabwera, koma akabwera amakokolola nkhokwe.
Poto wowiritsira malumo ndi zopanira,
ola lake limodzi
ndi mababu onse mpaka tambala.

Anamwino a Nachisale anapempha fani.
Unali Okutobala, mpando ukuwotcha msana,
thukuta likudonthera pa kaundula wa sikelo.
Ndinati ayi.
Alembi anafuna ketulo. Ndinati ayi.
Waya wonenepa sataya moto panjira
koma mtengo wake ukanadya batire lathunthu,
ndiye ndinagula wowonda, n'kufupikitsa njira;
furiji inasamuka pakona pomwe ankaikonda.
Ndipo m'kabokosi kotuwa ndinatsekeramo lamulo:
mabatire akafika pakati, zonse zithime.
Batire ukalikama mpaka kuuma limakalamba msanga.
Lisiyire theka, likusunga zaka zisanu.

Anandipatsa dzina, Zimitsani.
Ana ankalikuwa ndikamadutsa pa njinga.

Juni anadza ndi mwera,
masiku atatu thambo lili ngati bulangete la m'wodi,
mapanelo akungonyambita kuwala.
Usiku wachitatu foni inandidzutsa.
"Twaibu, kabokosi kako kakulira.
Ndili ndi mwana wa miyezi isanu ndi iwiri,
milomo ikuda."
Kumbuyo kwa mawu awo ndinkamva ndithu,
ti, ti, ti,
lamulo langa likuwerenga mphindi.

Ndinali pa mphasa ku Kamuzu Road, opanda nsapato,
zaka zisanu zili m'dzanja ili,
maola anayi m'dzanja linali.
Kusukulu ya ntchito zamanja sanatiphunzitse
sikelo yoyezera zimenezi.

Ndinati: zimitsani mababu onse, yatsani tochi.
Furiji musaitsekule, izizira yokha mpaka m'mawa.
Tsekulani chivundikiro chotuwa.
Pansi pali kabatani kofiira komwe ndinakubisirani.
Kanikizani, muwerenge mpaka khumi.

Anawerenga mokweza, tochi ili kukamwa,
manambala akutuluka opunduka.
Kulira kunaleka.
Kunatsala kung'ung'udza kwa makina
ndi kupuma kwa anthu awiri pa foni
mpaka mayunitsi anandithera.

M'mawa ndinapeza singano ya mita itagona pansi,
mabatire ofunda ngati ng'ombe zolimitsidwa tsiku lonse,
a Nachisale akuwodzera chokhala.
Sitinayamikizane.
Ndinatsekula buku, tsamba la zokonza,
n'kulemba tsiku, ndi mawu awa:
takongola chaka chimodzi.

Mwanayo pano akukwawa.
Mayi ake amagulitsa tomato pafupi ndi mjigo,
sandidziwa, ndipo ndi bwino choncho.
Batire lachitatu layamba kutupa m'nthiti,
lachisanu ndi chimodzi silisunganso moto kufika mbandakucha.
Kalata yopempha ena ili kuboma
pansi pa makalata ena.

Dzulo a Nachisale anandiimitsa pakhonde,
akudzipepesa ndi katoni ya magolovesi.
"Nanga fani ija?"
Ndinatulutsa pensulo,
yafupika tsopano, sigwirika bwino,
ndinawerenganso kuyambira pamwamba
ngati kuti dzuwa lawonjezera kanthu chaka chino.

Lisiti inanena zomwe inanena kale.
Ndinati ayi.
Iwo anaseka, nati: Zimitsani,
n'kubwerera m'wodi,
katoni ikupita uku ndi uku m'dzanja lawo.