Khutu Lobwereka

Anaibweretsa pa ngolo ya ng'ombe,
njinga yamoto ya matayala anayi
yogulidwa pa okushoni ku esiteti ya nzimbe,
nambala ya kampani ikuonekabe pansi pa penti.
Mayi Asiyatu anati: Kulira imalira, inde,
koma ukangobweza moto imatsokomola n'kukomoka,
pamene mpunga wanga uli tsidya la dambo
komwe lole imakana kupita.

A Twaibu sanamve zonsezo.
Zaka makumi awiri m'fakitale ya shuga pa Dwangwa pano
zinawadyera makutu.
Anangonunkhiza ekizozi, nalowetsamo chala,
chala n'kubwerako chili bii.
Ikumwa mopyola, anatero. Iwe Sumaili, yala thumba.

Ndinayala thumba la feteleza pansi pa mango,
mbali yoyera kumwamba,
pakuti sikuluwu ikagwera mumchenga wa kuno
umaisaka mpaka msika utseke.
Ndinatseka petulo, ndinamasula mapaipi,
kabuleta n'kugwera m'manja mwanga,
kulemera kwake ngati mtima wa mbuzi.

Kambale kapansi kanasunga mbiri yonse:
dzimbiri la m'thanki, madontho a madzi,
ndi phula lachikasu la petulo wa m'zigubu,
uja amagulitsa kuseri kwa golosale
mapampu akauma.
Fuloti inali bwinobwino.
Singano yake inadyeka pang'ono m'khosi.
Jeti yaing'ono ija,
ya kabowo ngati polumapo udzudzu,
ndinailozetsa kudzuwa. Dzuwa silinadutse.

Ndinatola waya. A Twaibu anandimenya dzanja.
Waya amakuza bowo, ndipo bowo likakula silibwerera.
Anandipatsa katsitsi ka mswachi,
petulo woyera m'chitini cha mkaka,
ndi pampu ya njinga yakapalasa.
Viika, dikira, popa.
Viika, dikira.
Kachitatu, kadontho ka kuwala kanatulukira.

Gasiketi tinadula pa chikuto cha kope lakale la ngongole.
Mayi Asiyatu anayang'ana kumbali.

Tsopano yatsala ntchito ya makutu.
Manga sikuluwu yosakaniza mpaka ikhudze, osaikakamiza,
uibweze kawiri, liza injini, isiye itenthe.
A Twaibu anaika chikhatho pa thanki
natsinzina.
Ine ndi sikuludiraiva, pang'onopang'ono:
ikamabwebweta ndi utsi wakuda, yakhutitsa;
ikamalira mowonda, ekizozi ikuthetheka, ili ndi njala.
Pakati pa ziwirizi pali kamalo
kochepa kuposa nsonga ya chikhadabo.

Pomwepo, anatero.

Koma ine ndinkamva kachibwibwi kotsalira
kamene chikhatho sichingagwire,
kapena ndi mmene ndinkaganizira.
Ndinapotozanso pang'ono, mwakuba,
maso anga ali pa zikope zawo.
Injini inakhazikika, n'kuyamba kupuma
ngati munthu amene wagona atabweza ngongole.

Sanaphenyule msanga.
Ntchentche inatera pamkono pawo, inayenda, inauluka.
Kenaka anachotsa dzanja lija, nalipukuta pa ovolosi.
Waba kota, anatero.
Ndinayamba kupepesa, iwo akupinda kale thumba.
Kuyambira mawa uziyamba ndiwe kunena.

Mayi Asiyatu anamasula mfundo ya chitenje,
anawerenga kawiri, anachotsapo ya gasiketi,
anakwera, matumba opanda kanthu atamangidwa kumbuyo,
nalowera njira ya kudambo osacheuka.

Ndinaima pamsewu, manja akununkha petulo,
kumvetsera mpaka atapitirira mlatho,
pachitunda paja pomwe amasintha giya,
kudikira chitsokomolo.
A Twaibu sankayang'ana msewu.
Ankayang'ana nkhope yanga
kuti amve.