Khonde la Mayi Ormerod

Pulani anandipatsa itapindidwa kanayi,
pakona pali chipsera cha kapu ya tiyi,
chozungulira, chakalekale.
"Anajambulitsa ndi amuna anga," anatero Mayi Ormerod,
n'kupita kukatseka zenera
lomwe linali lotseka kale.

Usiku m'chipinda changa cha lendi ku Accrington
ndayala pepalalo pabedi, poti tebulo ndilibe.
Sentimita imodzi pano
ndi theka la mita kuseri kwa nyumba ija.
Bwalo lonse lafota kuti likwane pabulangete.

Khonde la matabwali n'lopindika ngati chigongono,
ndipo chopindika sichiwerengeka usanachithyole.
Ndalidula pawiri ndi pensulo.
Gawo lalikulu, mamita sikisi m'litali, folo m'lifupi: 24.
Laling'ono, lopita kukhomo la kukhitchini,
atatu kuchulukitsa ndi awiri: 6.
Pamodzi, masikweya mita makumi atatu.
Chipinda ndikugonachi chingalowemo katatu,
n'kutsalabe poyanika masokosi.

Pakati pa gawo lalikulu pali kadontho,
pambali pake mawu a bolopeni, dzanja lonjenjemera:
siyani malo a mtengo wa apozi.
Kadontho sikadya matabwa.
Sindinachotsere n'komwe.

Thabwa lililonse ndi mamilimita 145,
ndiye kuwonjezerapo asanu a mpata,
chifukwa mvula ya kuno ilibe nyengo, ilibe manyazi.
Thabwa likamwa madzi limatupa,
likasowa kofutukukira limakankha linzake
mpaka onse awiri atapindika misana.
Ndagawa, ndabwerezanso: matabwa 56.
Ndaonjezera sikisi, chakudya cha sowo,
ndi cha dzanja langa likalakwitsa Lachisanu madzulo.
Mitanda yapansi, umodzi pa masentimita 40 alionse.
Misomali yopota, mabokosi anayi.
Hargreaves, bwana wanga, adzati atatu akwana.
Sakwana.

M'mawa ndafika ndi tepi, nsapato zili chonyowa.
Ndayeza kuchoka pakhoma, mamita awiri ndi theka,
pomwe payenera kukhala kadontho kaja.
Palibe kadontho.
Pali thunthu lonenepa kuposa ntchafu yanga,
lopendekera kudzuwa lochepa lomwe limafika kuno,
mizu yake yatukula dothi ngati mitsempha ya pamkono,
maapozi oola ali mbwee muudzu.

Ndatsegulanso pulani.
Pansi pa chipsera cha tiyi chija pali chaka: 2009.
Pepala silikula ayi.
Lakhala m'dilowa likusunga kadontho kake
pomwe mtengo unali kunja ukugwira ntchito.

Mayi Ormerod atuluka atavala jasi la mwamuna,
manja ake atapinda kawiri.
Agwira nsonga ya tepi ndisanawapemphe.
"Limbikani, mudula?"
Dzina langa amalitchula bwinobwino,
mosamala, ngati wanyamula dzira.
"Ayi mayi. Tidula matabwa."

Ndagwada m'matope kuwerenganso.
Bowo likhale mita ndi theka mbali zonse.
Matabwa anayi achoka pamndandanda,
mitanda itatu yalowa, yozinga thunthu,
ndipo nsanamira ziwiri zisamuke, zisaponde mizu.
Ndalama yake ikubwera chimodzimodzi,
kusiyana kwake sikungagule ndi buledi yemwe.

Chatsala ndi mpata wa pakati pa khungwa ndi thabwa.
Umenewo kalikuleta saudziwa.
Mtengo ukulabe,
ndiye funso lake ndi la zaka,
ndipo sufunsa mayi wa imvi zotere
kuti tiwerengere zaka zingati.

Ndaika chikhatho changa pakhungwa,
kenako china pambali pake.
Iwo ayang'ana, akhala chete.
"Onjezerani chimodzi," atero.
Ndalemba m'mphepete mwa pulani,
pansi pa bolopeni ya amuna awo: zikhatho zitatu.

Ataya nsonga ya tepi osandichenjeza.
Yathamanga muudzu monse ikulira,
yafika, yandiluma chala chachikulu.