Mzere Wachisanu ndi Chiwiri

Lachiwiri ndimalowa m'kalasi ndikununkha sopo wa kuntchito,
nditachezera kutembenuza nkhalamba zisanu ndi imodzi,
nsapato zitamwa mvula ya ku Bradford,
ija yosagunda, yosaopseza,
yongonyowetsa munthu mwaulemu mpaka m'mafupa.

Bambo Hallworth analemba pa bolodi mawu atatu:
mpamba, zolowa, zotuluka.
Anati bizinesi ndi chidebe,
uyambe wapeza pomwe chikudontha.
Oskar wa ku Poland akufuna galimoto yosamutsira katundu.
Farzana akufuna kusoka madiresi a ukwati.
Ine ndinalibe chonena,
ndiye ndinabwereka bizinesi ya amayi anga
monga ndinkabwerekera chitenje chawo.

Zigumu, pa depoti ya Mponela,
zaka makumi awiri ndi ziwiri.
Ndinalemba ufa, soda, shuga, nkhuni,
chiphaso cha kumsika,
nyuzipepala zakale zokulungira,
ngakhale ziwiri zija ankadya kondakitala osalipira
kuti basi iziima pafupi ndi beseni lawo.
Ndinachotsera. Panatsala kanthu.
Ndinakoka mizere iwiri kunsi kwake, monyadira.

Bambo Hallworth anaika chala pa mzere wachisanu ndi chiwiri,
umene ndinausiya wopanda kanthu.
"Nanga malipiro a wophikayo?"
Ndinati wophikayo ndiye mwini wake.
"Amadzuka nthawi yanji?"
Folo koloko, tambala asanaganize n'komwe.
"Lembani maola ake. Muwapatse mtengo."

Ndinalemba.
Kakyuleta sinachite manyazi.
Inati amayi anga ankaluza tsiku lililonse:
analuza Lolemba, analuza pa Khirisimasi,
analuza ali ndi pakati pa mlongo wanga Lyson,
ndipo ndi kuluza komweko anagula malata khumi ndi anayi,
yunifolomu za ana anayi,
bokosi la maliro a abambo,
ndi theka la tikiti imene inandifikitsa pampando uno
kuti ndidzamve kuti ankaluza.

Ndinafuna kutsutsa, koma Chingerezi chinandithawa,
chinakabisala kuseri kwa mano.
Ndinangoyang'ana panja,
padenga la fakitale yakale ya ubweya
pomwe nkhunda zinandanda ngati zikudikira chenji.

Usiku ndinawaimbira foni.
Ndinati, amayi, aphunzitsi akuti munkagwira ntchito yaulere.
Anaseka mpaka kutsokomola.
"Ukawafunse aphunzitsiwo ngati tulo timagulitsidwa pa kilo.
Ukapeza wogula, unditumizire zanga, ndili pompano."
Kenaka anafunsa ngati ndikuvala zokwanira.
Kenaka netiweki inatidula.

Loweruka Elube anabwera kudzalukitsa tsitsi
monga mwa masiku onse,
ndi botolo la zakumwa ndi nkhani za kutchalitchi.
Maola asanu ndi limodzi, zala zanga m'mutu mwake,
msana wanga ukudandaula.
Kale ndinkangoti, ayi, mungobweza ya ulusi.
Tsikulo ndinamva pakamwa panga pakutuluka
mapaundi makumi anayi.
Anandiyang'ana kudzera pagalasi.
"Asisi, mwayamba chizungu?"
Anawerenga makumi atatu, pang'onopang'ono,
ngati akuzula minga kuphazi,
nati zotsalazo mwezi ukatha.
Sindikudziwa ngati adzabwerenso.
Botolo lake anapita nalo.

Ndagula kope latsopano.
Pa mzere wachisanu ndi chiwiri ndalembapo dzina langa,
ndi pensulo, mwina ndingasinthe maganizo.
Kutsamba lomaliza, pa ngongole zosabwezedwa,
ndalemba makumi a Elube amene sanakwane,
ndipo kunsi kwake:
Nangozo, Mponela, folo koloko m'mawa.
Pa ndalama ndasiya mpata.
Lachiwiri ndikawafunsa Bambo Hallworth
kuti zoterezi amazilemba mbali iti.