Buluku la a Lufeyo

Nkhondo ndikunenayi ilibe dzina.
Wailesi sinaitchule madzulo ake,
inali pa mtengo wa feteleza ndi zigoli za mpira.
Inayamba ndikupinda mpendero wa yunifolomu ya Felesiya,
inatha ndisanalume ulusi.

Makina anga ankakhala pakhonde la golosale pa Lizulu,
kupenya kuzambwe.
Kuno kwathu, uko kwa eni, pakati phula basi.
Nkhuku zinkadya kuno n'kukaikira uko,
maliro tinkagona limodzi,
ndipo a Lufeyo Ngozo, mlimi wa kabichi wa kutsidya,
anali atandisiyira buluku lawo lakhaki
kuti ndiphatike chigamba pabondo.
Anati ndalama adzapereka tsiku la msika.

Unali mwezi wachisanu choluma zala,
chifunga chisanayalule mphasa pamapiri.
Phokoso loyamba ndinaliyesa chimanga m'phale.
Kenako mbuzi zinawoloka msewu zikukoka zingwe,
kenako ana, kenako mayi wina
atasenza ndowa yopanda kanthu, osadziwa kuti wasenza.
Mbatatesi zinagubuduka mpaka m'ngalande.
Dalaivala wa lole anazimitsa injini n'kukwawira kunsi.
Ine phazi linakana kumva,
linangopalasabe, kupalasabe,
singano ikulasa pomwe nsalu inatha kale.

Ankalimbirana chiyani?
Ena amati chitsime.
Ena amati kanyumba ka malata
momwe munali mchere ndi matumba awiri a nyemba.
Khumi mbali iyi, mwina khumi ndi asanu inayo,
nsapato zosiyanasiyana,
koma poitana amayi awo, chilankhulo chimodzi.

Kutati zii,
mnyamata anavuuka m'kalavati,
mfuti ataisiya momwemo,
ndevu zisanamere, khutu likuchucha.
Sanapemphe madzi.
Analoza mulu wa zovala pambali panga,
nati, "Atate, ndivuleni izi."
Dzina anati ndi Zuze.
Ndinamupatsa lomwe linali pamwamba.
Linamukulira m'chiuno,
ndinamumanga ndi kansalu kotsalira pa chitenje cha wina,
natsetsereka njira ya kuchigwa, osacheuka.

Dzuwa litapendeka tinawoloka ndi makasu.
Anayi.
Atatu sitinawadziwe,
tinawagoneka dzenje limodzi kuseri kwa mpichesi.
Wachinayi anali m'dimba, chafufumimba pakati pa mizere,
kheni ili m'manja,
madzi onse atathera pa kabichi mmodzi.

A Nanyoni anafika kutada, maso ali gwa.
"Buluku lawo labwino lili kwa inu.
Asapite ndi la kumunda."
Ndinanama. Ndinati sindinamalize.

Usiku wonse pa koloboyi
ndinadula khaki wa mphunzitsi wamkulu,
miyezo ndikuikumbukira m'zala.
Tambala woyamba atalira ndinaboola bondo latsopanolo
n'kuphatikapo chigamba,
n'kulipukusa pafumbi la khonde kuti likalambe.

Anaitikita nsaluyo pakati pa chala ndi chala.
Anayang'ana buluku, anayang'ana ine,
anayang'ana malaya obiriwira
omwe ndinaiwala kunsi kwa makina.
Kenako anamasula mfundo ya chitenje,
nawerenga makobidi a chigamba,
osapitirira, osaperewera.

Lero tsidya lija kuli magolosale openta,
foni imagwira mayiko awiri nthawi imodzi,
Felesiya ali ndi zidzukulu ku Balaka.
Mpichesi anadula; pamalopo amaotchapo tchipisi.
Ndikauza anyamata a kabaza, amati,
"Anayi okha, madala? Imeneyo ndi nkhondo?"

Maso anga sathanso kulowetsa ulusi pa singano,
komabe minibasi ikaima
ndimapenya mawondo a amuna a imvi.
Nsalu ija inatha kalekale, ndikudziwa.
Koma chigamba changa sindingachisowe,
ndimabwereza kawiri pangodya.

Sindinamufunse Zuze
komwe analozetsa mfuti m'mawa umenewo.
Anali ndi mwazi kukhutu.
Ndipo buluku lija linali pamwamba.